Chiboliboli Chopemphera cha Ubaramu

Panali munthu wina dzina lake Ubaramu. Dzinalo lisakupunthwitseni lilime, si la kuno. Ankakhala kutali, m'dziko lija lili pakati pa mitsinje iwiri, Tigirisi ndi Firate, limene ana athu a sukulu amalitcha Mesopotamiya n'kuliiwala mayeso akangotha. Ine dziko limenelo ndinaliphunzitsa zaka makumi awiri ndi zisanu, choko chikundiumitsa zala, ndiye lero mundilole ndilankhulepo pang'ono.

Ofufuza zakale amati kumeneko n'kumene anthu anayamba kumanga mizinda. N'kumene anayamba kulemba, osati papepala ayi, koma padongo lofewa, ndi kabango kosongola. Mvula kunalibe yokwanira, iwo anakumba ngalande, madzi a mumtsinje n'kumayenda okha kupita kuminda. Ngakhale wotchi ili pamkono panupo, kawerengedwe ka mphindi zake kanachokera kwa iwo. Ndipo pakati pa mzinda uliwonse ankamanga kachisi wa njerwa woposa nyumba zonse kutalika, woti munthu ali kumunda akadzutsa mutu aziona kumene kuli mulungu wake. Sanali anthu osasamala zakumwamba. Popemphera ankatiposa ife. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asakhale apo n'kumati, aa, anali achikunja aja, zisatikhudze. Nkhaniyi si ya munthu woipa.

Ubaramu anali ndi ngalawa ziwiri za bango zomata phula. Ankanyamula balere ndi zipatso za kanjedza kuchoka mzinda uwu kupita mzinda uwo. Sanali mpondamatiki, komabe njala sinkadziwa khomo lake. Mkazi wake anali Lamasani. Anakwatirana ali achinyamata. Ana awiri amene anabereka anawaika m'manda asanayambe n'kuyenda komwe, ndipo kuyambira pamenepo anatsala awiriwiri m'nyumba. Abale ankamunong'oneza kuti atenge mkazi wina. Iye ankangoti, "Wanga alipo."

Ankamukonda mkazi wake. Ndikubwereza dala, chifukwa mukaiwala zimenezo simumva kanthu pa zonse ndinene: ankamukonda.

Chaka china, madzi a mumtsinje atangophwa, Lamasani anayamba kudwala. Poyamba ankangokana chakudya. Kenako nsalu zake zinayamba kumukulira. Kenako ulendo wa kuchitsime unamutalikira, mpaka wa pakhomo pomwe unamutalikira. Asing'anga anabwera ndi mizu yawo. Ena anapha nkhosa, nayang'ana chiwindi chake monga ankachitira kumeneko, nanena zimene ananena. Palibe chinasintha.

Lamasani anali ndi mng'ono wake, Belitani, amene anakwatiwa ndi munthu woumba njerwa kuseri kwa msika. Belitaniyu ndiye anayamba kubwera tsiku ndi tsiku kudzamusambitsa, kumutembenuza pamphasa ndi kumumwetsa phala.

Koma Ubaramu sankatha kukhala m'chipinda muja. Abambo muli apa mukundimva bwino, musayang'ane pansi. Akalowa n'kuona nthiti za mkazi wake zikuwerengeka, mtima unkamuthawa. Ankakhala pang'ono, n'kufunsa kuti mwadzuka bwanji, n'kukumbukira kuti ngalawa ina ikufuna phula. Anali munthu wa manja. Chingwe chikaduka amalumikiza, ngalawa ikabooka amamata. Koma pamaso pa matenda awa manja ake analibe chogwira, ndipo zinkamuwawa kuposa mmene akanathera kunena.

Tsono m'dziko limenelo munali mwambo wina. Anthu aja anaganiza motere: mulungu wathu amafuna kupembedzedwa usana ndi usiku, koma munthu ali ndi munda, ali ndi ngalawa, amatopa, amagona. Ndiye amene anali nako kangachepe ankasemetsa chiboliboli cha mwala, kutalika kwake ngati mkono, chofanana ndi iye mwini. Mumvetse bwino, sichinali fano loti aziligwadira. Chinali iyeyo, wopembedzayo. Ankachisema chili chiimire, manja atagwirana pachifuwa, maso aakulu oikamo zigoba zoyera, maso osaphethira. Pamsana ankalembapo dzina la mwini wake ndi chimene akupempha. Akatero ankakachiimika m'kachisi, moyang'anizana ndi fano la mulungu wawo. Kuyambira tsiku limenelo munthuyo, kaya ali kumunda, kaya ali mtulo, kaya ali pamowa, ankaonedwa kuti ali m'kachisi akupemphera.

Mukuseka. Sekani, tionana kutsogoloku.

Tsiku lina Ubaramu anapita kwa mmisiri wosema miyala, nkhalamba ya maso ofiira ndi fumbi. Anamuuza kuti akufuna chiboliboli choti chizipempherera moyo wa Lamasani osapuma. Mmisiri anati mwala ulipo pamsika, wofewa, masiku khumi ntchito yatha. Dziko lija, mudziwe, linalibe miyala yakeyake. Linali dongo ndi bango basi. Mwala uliwonse unkachokera kumapiri akutali, ndipo wofika pamsika unali umene ena ausiya.

Ubaramu anakana. Anati, "Moyo wa mkazi wanga ndikaupemphe ndi mwala wotsala? Ndipita ndekha kumapiri, ndikasankhe woyera, wopanda mng'alu."

Anabwerera kunyumba nkhope ikuwala, koyamba m'miyezi yambiri. Anagwada pambali pa mphasa, namufotokozera mkazi wake zonse. Lamasani anamvetsera mpaka kumapeto.

Kenako anafunsa kuti, "Ulendowo ndi wa masiku angati?"

"Mwezi umodzi. Ukachuluka, mwezi ndi theka."

Mayi uja anati, "Bwanji mungokhala kuno, bambo?"

"Ndikhale ndizichita chiyani? Ine si sing'anga."

"Muzingokhala."

Ubaramu anamwetulira mmene timamwetulira wodwala akanena zimene tikuona ngati n'zamatenda. Anamufunditsa bwino nsalu, namuuza kuti asade nkhawa. M'mawa mwake ananyamuka.

Ulendowo sunali wamasewera, ndipo sindimuchotsera ulemu wake. Kukwera mtsinje kunali kukoka ngalawa ndi chingwe, munthu akuyenda m'mphepete m'matope. Mapewa ake anasupuka. Kumene mtsinje unachepa anasiya ngalawa n'kubwereka abulu. Dzuwa la kumeneko silichita nthabwala, mapazi ake anang'ambika mpaka kutuluka magazi. Koma ululu umenewu ankaukonda. Chilonda chilichonse ankachiona ngati nsembe yoperekera mkazi wake. Kunena zoona, kumapiri kuja ankagona tulo tabwino kuposa kunyumba, chifukwa kumeneko anali ndi chochita.

Anafika kokumba miyala. Anamuonetsa mwala woyamba, anaukana. Wachiwiri, anaupeza ndi kamzere. Anadikira masiku asanu ndi atatu kuti amudulire wina pakatikati pa thanthwe. Pobwerera bulu mmodzi anathyoka mwendo, mwala anachita kuukoka pachikumba mtunda wautali. Mwezi uja unasanduka miyezi iwiri.

Atafika kwawo anapeza Lamasani maso atachita khungu. Ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Thupi linali litatha, pansi pa nsalu panali ngati palibe munthu. Ubaramu anakhala pansi pomwepo, fumbi la ulendo likadali m'ndevu, nayamba kumusimbira za mapiri, za abulu amakani, za anthu a chilankhulo chachilendo amene anamugulitsa mkate wouma ngati njerwa. Lamasani anaseka. Belitani, amene anali asanamve kuseka kumeneko chiyambire matenda, anatuluka panja kukapukuta misozi. Tsiku limenelo wodwala anamwa phala lonse la m'mbale, napempha zipatso za kanjedza.

Belitani anakokera mlamu wake pambali nati, "Alamu, mwaona? Chichokereni inu sanadyepo chonchi. Lero mwabwera, wadya."

Mukudziwa chimene Ubaramu anayankha? Anayang'ana mwala uja uli pakhonde, wokutidwa ndi chiguduli, nati, "Ndaona. Usanasemedwe n'komwe wayamba kale kugwira ntchito. Nanga ukakaima m'kachisi?"

Mmawa kutacha anaunyamula kupita nawo kwa mmisiri.

Ntchito yosema inafuna kuti mwini wake aziima pamaso pa mmisiri kuti nkhope ifanane. Masiku awiri kapena atatu akanakwana. Koma Ubaramu ankapita tsiku lililonse, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ankaloza apa, kuloza apo. Ndevu zafupika. Zala sizikuoneka bwino. Maso akulitseni, mulungu aone kuti sindikuphethira. Anayenda misika itatu kufuna zigoba zoyera zoika m'masomo. Akafika kunyumba anali wotopa, wodwala naye ali mtulo, ndiye ankangosuzumira pakhomo n'kufunsa Belitani kuti kwatha bwanji lero.

Tsiku lina mmisiri uja anaika pansi chosemera chake nati, "Bwana, nkhope yanu ndaidziwa tsopano, ndikhoza kuisema nditatsinzina. Pitani kunyumba. Ndikamaliza ndikuitanani."

Ubaramu anati, "Kunyumba kuli mlamu wanga, akusamala bwino. Ine ntchito yanga ndi ino."

Nkhalamba ija inamuyang'ana, inatola chosemera n'kupitiriza ntchito. Masiku khumi aja anakhala makumi awiri ndi asanu.

Chiboliboli chinatha, ndipo chinali chokongola. Aliyense wochiona ankati, Ubaramu weniweni. Pamsana pake mlembi analemba ndi zilembo zawo zija zonga mapazi a nkhuku, kuti uyu ndi Ubaramu mwini ngalawa, waima pano chifukwa cha moyo wa Lamasani mkazi wake.

Panatsala chinthu chimodzi. Kachisi wa mzinda umenewo anali ndi lamulo lake. Chiboliboli chisanaimikidwe, mwini wake ankayenera kumeta kumutu, kusamba, n'kukhala m'bwalo la kachisi masiku atatu. Asakhudze wodwala, asakhudze maliro, asaponde kunja kwa chipata mpaka dzuwa la tsiku lachitatu litalowa. Wansembe anamuuza mosabisa kuti akangotuluka nthawi isanakwane, mwalawo wadetsedwa. Adzauphwanya n'kuutaya m'ngalande, ndipo adzayenera kuyambiranso.

Ubaramu anavomera. Analowa.

Tsiku loyamba linadutsa. Lachiwiri linadutsa. Lachitatu, dzuwa lisanafike paliwombo, mlonda wa pachipata anabwera kudzamuuza kuti kunja kuli mayi wina akumufuna. Anali Belitani. Sakanaloledwa kulowa, poti manja ake anali ochokera kwa wodwala. Anaima kunja kwa chipata, Ubaramu anaima mkati. Pakati pawo panali mzere umodzi wa njerwa, woti ngakhale mwana akhoza kuulumpha.

Belitani anati, "Alamu, tiyeni."

"Dzuwa likangolowa ndamaliza. Kwangotsala theka la tsiku."

"Dzuwa limenelo saliona likulowa."

"Wanena ndani? Sing'anga?"

"Ndanena ine. Ndakhala naye miyezi inayi, ndikudziwa. Kuyambira dzulo sakutchula china koma inu. Chitseko chikangolira akufunsa ngati ndinu."

Ubaramu anayang'ana mzere wa njerwa uja. Anacheuka kuyang'ana kumene kunali chiboliboli chake, chophimbidwa ndi nsalu yoyera, chikudikira madzulo.

Tsopano ndikuuzeni zimene zinali mumtima mwake, poti fanizo limalola kusuzumira mumtima mwa munthu. Munali mapiri aja, mapazi ong'ambika aja, miyezi yonse ija, zonse zikaphwanyidwe n'kutayidwa m'ngalande kutangotsala theka la tsiku. Munalinso chikhulupiriro, ndipo chinali chenicheni: ankati mwina awa ndi mayesero, ndikapirira mpaka madzulo mulungu andimva, ndikatuluka ndiye kuti ndamupha ndi manja anga. Koma pansi pa zonsezo panali china chimene iye mwini sanafune kuchiyang'ana. Ankaopa chipinda chija. Ankaopa kukhala pansi, manja ali lende, n'kumaona mkazi wake akupita. M'kachisi munali mozizira bwino, munali nyimbo, munali fungo la lubani, ndipo aliyense womuona ankati taonani mwamuna wokonda mkazi wake.

Anati, "Mukamuuze kuti ndikumupempherera."

Belitani anamuyang'ana kuyambira kumutu wometa uja mpaka kumapazi osamba. Ine ndikanakonda akanamutukwana. Ndikanakonda akanamugwira mkono n'kumukokera kunja, amudetse, zithe. Koma iye anangoti, "Chabwino, alamu." Anatembenuka n'kumapita.

Dzuwa linayenda ulendo wake osafulumira. Litalowa, ansembe anaimba, anavundukula nsalu, ananyamula chiboliboli n'kuchiimika pa benchi la njerwa pakati pa zinzake, maso ake aakulu ali pa fano la mulungu. Wansembe wamkulu anati, "Tsopano waima pamaso pake, ndipo sudzachokapo."

Ubaramu sanadikire madalitso otsiriza. Anathamanga. Munthu wamkulu, wandevu, kuthamanga m'misewu yopapatiza ngati wakuba. Atakhota pangodya ya kwawo anaona anthu atakhala pansi pakhonde, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo. Palibe anamuyang'ana m'maso. M'nyumba anapeza thupi atalikulunga kale m'mphasa ya bango.

Sanalire tsiku limenelo. Misozi inakana. Anamuika Lamasani m'mawa mwake, pansi pa nyumba yomweyo, monga unalili mwambo wawo. Anthu atabalalika, Belitani anali kusonkhanitsa timiphika take kuti azibwerera kwawo. Ubaramu anaima pakhomo.

Anafunsa kuti, "Munamuuza uthenga wanga?"

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Pakamwa panga panakana."

"Nanga ananena chiyani pomaliza?"

Belitani anati, "Zisiyeni, alamu. Sizikuthandizani."

Koma iye anaumirira. Anati ndi mkazi wake, ali ndi ufulu womva. Ndiye Belitani anaika timiphika tija pansi, namuuza.

Anati, "Nditabwerako kukachisi anamva mapazi anga, nafunsa ngati ndabwera nanu. Ndinati muli m'njira. Mphepo ikagwedeza chitseko, amafunsa. Mbuzi ikadutsa, amafunsa. Mawu anali atatha, kunangotsala milomo, koma amafunsabe. Ndinalephera kupirira. Ndinathamangira kudzenje kumene amuna anga amaponda dongo. Ndinawatulutsa, ndinawasambitsa m'manja, ndinawaveka mkanjo wanu uli apowo. Ndinawauza kuti, saona, lowani mukakhale pambali pake, mumugwire dzanja, musalankhule zambiri. Iwo anakana, anati ndi bodza. Ndinawagwadira. Analowa."

Ubaramu anagwira mphuthu ya chitseko.

"Anakhala pansi, anamugwira dzanja, nanena motsitsa kuti, ndine. Iye analigwira dzanjalo ndi manja ake onse awiri. Analigwira nthawi yaitali. Nkhope yake inafewa. Ine mumtima ndinati zatheka, apita mumtendere. Kenako analisisita pang'ono, nalibweza bwinobwino pabondo la mwini wake. Anati, zikomo alamu, mwayesetsa. Bwererani, dongo lanu lingaume."

Belitani anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

"Atatero anatembenukira kukhoma. Chitseko chinaliranso kawiri konse, koma sanafunsenso. Anatisiya dzuwa litangopendeka."

Anatola timiphika take, napita.

Ubaramu anakhala ndi moyo zaka zina zambiri. Ngalawa zake zinkayendabe. Koma m'kachisi sanalowemonso. Panalibe chifukwa cholowera: malinga ndi mwambo anali momwemo kale, usana ndi usiku, akupempherera moyo wa munthu amene anali pansi pa nyumba yake. Ansembe ankaonetsa alendo chiboliboli chija n'kumati, onani kudzipereka kwake, mwala uwu anakautenga yekha kumapiri. Iye akamva zimenezo pamsika ankasintha njira.

Mizinda imeneyo inatha. Mitsinje inasuntha, ngalande zinakwiririka, akachisi aja anasanduka zulu za dothi m'chipululu. Masiku athu ano anthu okumba zakale amafukula ziboliboli zotere, n'kukaziika m'magalasi kuti alendo aziona. Ndinaziona pazithunzi ndikuphunzitsa. Manja akadali ogwirana, maso akadali otseguka. Ana a m'kalasi ankaseka maso aja. Ine sankandiseketsa.

Tsopano inu. Tchalitchi chino tamanga bwino, malata ake akuoneka kuchokera kumsewu, ndipo ena a inu mapewa anasupuka ndi njerwa zake. Sindikunyoza. Sindikutinso muleke kupemphera, musakandinamizire kunja. Koma ndimakuonani. Odwala mumawatumizira shuga ndi sopo pa minibasi. Mumatuma mlongo wanu, mumatuma akazi anu, mumatuma amayi a chigwirizano. Mumalemba pafoni kuti tikukupemphererani, n'kuikapo kachithunzi ka manja ogwirana. Munkaseka anthu a mwala aja, nanga kameneko n'kachiyani? Ndikulankhula zimene ndikuzidziwa, chifukwa tsiku limene mayi anga ankamwalira ine ndinali kumsonkhano wa akulu a mpingo, ndipo ndinatsogolera pemphero lowapempherera. Anthu anati linali pemphero lamphamvu.

Pali ntchito zimene munthu angakugwirireni. Iyi ayi. Wodwala, ngakhale maso atachita khungu, amadziwa amene wabwera ndi amene watuma.

Kunyumba kwina kuli munthu amene chitseko chikalira amafunsa ngati ndinu. Dzina lake mukulidziwa, lakufikani m'mutu ndisanamalize n'komwe. Mapemphero a madzulo ano musabwere, tikhala ochepa, palibe kanthu. Pitani mukakhale pansi pambali pake, ngakhale mulibe choti munene. Lero akadafunsabe. Likubwera tsiku limene adzasiya kufunsa, ndipo adzakhala akadali moyo.